Dzanzi la m'manja usiku: kodi makina a shock wave n'ngoyenera kuwatayira ndalama?

Telala_wa_Ndirande
Abale anga, ndithandizeniko nzeru. Ndine mayi wa zaka 44, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kuno ku Ndirande, chaka chino n'cha 17. Chiyambire ntchito ya mayunifolomu mu Seputembala, dzanja langa lamanja likuchita dzanzi, makamaka usiku. Cha m'ma 2 koloko ndimadzidzimuka, chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zili ngati si zanga, zikulasalasa ngati mwalowa linthumbu. Ndimakhala tsonga pabedi n'kumakutumula dzanja ngati ndachoka kosamba m'manja, mpaka lileke. Masana singano ikumandipulumuka, ndipo dzulo ndinalephera kumanga batani la bulauzi yanga yomwe, telala wathunthu.

Ndinapita pakachipatala kena kolipira. Anandiuza kuti ndi carpal tunnel, ndipo ali ndi makina a shock wave, ndizipita kamodzi pasabata, maulendo atatu kapena anayi. Mtengo wake wonse ukuposa lendi yanga ya miyezi iwiri. Alipo amene anayesapo? Ndisanakongole kubanki m'khonde ndimve kaye kwa inu.

Kabaza_Chirimba
Mayi, shoko ya magetsi mpaka kulipira? Bwerani kwathu mudzagwire ketulo yathu, imamenya ulere.

NaBanda_Zingwangwa
Inu a Kabaza, munthu akudwala. Nthabwala zili ndi nthawi yake.

Fizio_waku_Soche
Achimwene a Kabaza, pamenepo mpomwe anthu ambiri amasokonekera. Makinawa sakulowetsa magetsi m'thupi ayi. Amatulutsa mafunde amphamvu, a mtundu wa phokoso, amene amagunda mnofu n'kulowa mkati. Anayambira ku Munich, ku Germany, mu 1980, pophwanya miyala ya mu impso popanda kung'amba munthu. Kenako anachepetsa mphamvu yake n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito pa ululu wa chidendene, wa chigongono ndi wa phewa. Alipo a mitundu iwiri. Ena amalunjika mafunde pamalo amodzi mkati. Ena, amene amapezeka kwambiri chifukwa n'ngotchipirako, ali ndi kachitsulo kamene kamakankhidwa ndi mpweya n'kumagunda kumutu kwa chogwiriracho, mafunde n'kumamwazikana pafupi ndi khungu. Amakupaka mafuta oterera aja a sikani, n'kuika chogwiriracho pamalopo, chimvekere tha tha tha kwa mphindi zochepa. Zimapwetekako, ndipo khungu limatha kufiira kapena kutupa pang'ono.

Koma mayi a Telala, za makina tizisiye kaye. Ndikufunseni zitatu. Kachala kakang'ono komalizira nakonso kamachita dzanzi? Mapazi ali bwanji? Ndipo ikani manja onse awiri patebulo zikhatho zili m'mwamba, muyang'ane kamnofu kotukuka kamene kali patsinde pa chala chachikulu. Mbali zonse n'kofanana, kapena kumanjako kwaphwa?

Telala_wa_Ndirande
Kachala kakang'ono kali bwinobwino, n'zimene zimandidabwitsa. Mapazi alibe vuto. Kamnofuko ndayang'ana pawindo pano, ndikuona ngati n'kofanana, koma maso a mwini samuuza zoona.

Fizio_waku_Soche
Kachala kameneko n'kamene kakutiuza nkhani. Pamene timavala wotchi pali kanjira kopapatiza, ndiko kamene amati carpal tunnel. Pansi ndi m'mbali mwake muli timafupa, tonse pamodzi tilipo 8, ndipo pamwamba, cha kuchikhatho, pali kalamba kolimba kosatamuka. M'kanjira kameneka mumadutsa mitsempha 9 yokoka zala, ndi mtsempha umodzi wonyamula uthenga, wotchedwa median. Umenewu ndi umene umapereka kumva ku chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala komalizira kali ndi mtsempha wakewake umene sudutsa m'menemo, n'chifukwa chake kakupulumuka.

Ganizirani minibasi ya ku Limbe cha m'ma 5 madzulo. Mpando ndi wa anthu atatu, kondakitala waikapo anayi, winanso wanyamula thumba. Amene amafinyika ndi wofewa uja. Mitsempha yokoka zala ikatupa pang'ono, malo saonjezereka, wofinyika ndi wa uthengawo. Usiku zimakula chifukwa ambiri timagona titapinda dzanja, ndipo kupindako kumapanikiza kanjira kaja.

Mukhoza kudziyesa: pindani manja onse, misana ya manja igundane, zala ziloze pansi, mukhale choncho mphindi imodzi. Dzanzi likabwera m'zala zomwezo, n'chizindikiro. Koma si chigamulo ayi, pamafunikabe wodziwa akugwireni dzanjalo.

Mwana_wa_Bangwe_Joni
Ine ndiyankhe funso lenileni limene mayiwa afunsa, poti a Fizio akutizungulitsa ku Limbe. Ndinachitapo ku Johannesburg chaka chatha. Ndimagwira ntchito yopanga mageti, grayinda tsiku lonse. Anandiomba maulendo anayi. Ulendo wachiwiri ndinayamba kugona mpaka m'mawa. Mayi, ngati ndalama ingapezeke, chitani. Kuli bwino kusiyana n'kukupangani opaleshoni.

Fizio_waku_Soche
Achimwene, anakupatsaninso chomangira dzanja usiku? Nanga grayinda munkaigwirabe masabata amenewo?

Mwana_wa_Bangwe_Joni
Chomangira anandipatsa, inde. Grayinda bwana anandichotsako mwezi wathunthu, ndinkangopenta.

NaBanda_Zingwangwa
Hahaha ndiye anakuchizani ndani pamenepo, makina kapena bwana?

Mwana_wa_Bangwe_Joni
Asisi, amene anamva kusintha ndine. Inu simunalipo.

Fizio_waku_Soche
Sindikukutsutsani, achimwene, mwina makinawo anathandizadi. Vuto n'lakuti munalandira zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo ziwiri mwa izo timadziwa kale kuti zimagwira ntchito pazokha. Nkhani ya kafukufuku ili chonchi: anayesapo pa magulu ang'onoang'ono a odwala amene vuto lawo silinafike poipa, ndipo ambiri ananena kuti ululu ndi dzanzi zinachepa kwa masabata kapena miyezi ingapo, makamaka akaphatikiza ndi chomangira cha usiku. Akatswiri akuganiza kuti mafundewo amathandiza magazi kuyenda bwino pamalopo, amachepetsa kutupa, ndiponso amagonthetsa ululu. Koma umboni woti phindulo limakhalitsa ndi wofooka, ndipo ofufuzawo sanagwiritse ntchito mphamvu yofanana kapena maulendo ofanana. Chachikulu n'chakuti makinawa sakulitsa kanjira kaja. Minibasi ikadali yomweyo.

Ine ndemwe makinawa ndawagwiritsapo ntchito pa zidendene, ndipo kumeneko ndimawakhulupirira kwambiri kuposa padzanja. Kwa mayiwa ndikanati akhale ndiwo zapambali, osati nsima.

Mphunzitsi_Wopuma
Za chidendenezo ndikuchitira umboni. Mayi akunyumba ankalephera kuponda pansi m'mawa, anawaomba katatu, lero amayenda wapansi kuchoka ku Chilomoni mpaka m'tauni. Ndiye dzanja langa litayamba dzanzi ndinathamangira komweko. Linapepukako miyezi iwiri, kenako linabwerera mwakale. Ndalama zinapita, dzanzi linatsala. Sindikuti anandibera, koma sanandiuze kuti zikhoza kubwerera.

Che_Mbewe_Mbayani
Zonsezi n'zachizungu. Agogo anga ankangotema mphini ziwiri pamkono, kupaka mankhwala, basi. Anthu ankasinja ndi kulima mpaka kukalamba, za carpal tanelo sitinkazimva.

Namwino_Tiya
Ankolo, sankazimva dzina, koma ankadwala. Ankangoti nyamakazi, kapena akuti wina wawaponda. Ndipo chonde, lezala pamalo amenewo ayi. Mtsempha umene a Fizio akunenawu uli pafupi ndi khungu, pambali pake pali mitsempha ya magazi. Chilonda chikalowa mafinya, dzanja lonse lili pamavuto.

Mayi a Telala, ine funso langa ndi lina: anakuyezani shuga? Matendawa amakonda anthu a shuga, a chithokomiro chofooka, a nyamakazi yotupitsa mfundo, onenepa, ndi amayi oyembekezera. Amayi amadwala kwambiri kuposa abambo, makamaka a msinkhu wanuwu. Munthu amene akukutchulirani mtengo wa makina asanakubayeni pachala n'kuona shuga, ine ndimamukayikira.

Telala_wa_Ndirande
Sanandiyeze chilichonse, anamwino. Anangondigogoda padzanja, ine n'kumva ngati nyesi yathamangira kuzala, iwo n'kuti eya ndi yomweyo. Kenako anatulutsa pepala la mitengo. Mayi anga omwe anandibereka ali ndi shuga.

Namwino_Tiya
Ndiye yambirani pamenepo. Mawa m'mawa musanadye, tengani buku lanu la kuchipatala mupite pachipatala chaching'ono cha boma chapafupi, akakuyezeni. Akaona kuti mpofunika, akulemberani kalata yopita ku Gulupu kwa a mafupa kapena a fizio.

Kabaza_Chirimba
Pepani mayi za ketulo zija. Koma tsopano mwandiopsa. Ine ndikaweruka, manja onse amakhala ali njenjenje, zala ziwiri zomalizirazi dzanzi lokhalokha. Msewu wa kwathu kuno mukuudziwa.

Fizio_waku_Soche
Zala ziwiri zomalizira ndi mtsempha wina, wotchedwa ulnar. Umafinyika pachigongono, kapena pachikhatho cha kumbali ya kachala kakang'ono, pamene mumatsamira pachiwongolero. Kunjenjemera kwa njinga kumavutitsa yonse iwiri. Valani magolovesi okhuthala, musafinye chiwongolero ngati mukukama ng'ombe, ndipo mukatsitsa pasenjala muzitambasula zala.

Dalaivala_wa_Machinjiri
Magolovesi a chiyani, zipewa zomwe savala amenewa. Dzana wina anandidula kutsogolo pa Kameza atanyamula mayi, mwana ndi mbuzi.

Kabaza_Chirimba
Inu a minibasi musayambe. Amene mumaima pakati pa msewu kuitanira anthu ndi ndani? Komanso a Fizio anena kale kuti matenda a mayiwa ayambira m'minibasi.

Dalaivala_wa_Machinjiri
Chinali chitsanzo chabe iwe!

NaBanda_Zingwangwa
Abambo inu, kakanganeni ku Wenela. Mayi ali ndi madiresi a chinkhoswe owadikira.

Mai_a_Mapasa
Ndiikepo yanga mwina ithandiza wina. Ndili ndi pakati pa mapasa, kuyambira mwezi wa 7, manja onse awiri ankachita dzanzi moti mthiko unkandigwa m'manja ndikuthyakula nsima. Kufinya matewera ndiye ayi. Kusikelo anandiuza kuti ndi madzi ochuluka m'thupi, zidzatha ndikachira. Zinathadi, patapita miyezi iwiri ana atabadwa. Apongozi anga anali atayamba kale kunena kuti ndi ulesi.

Namwino_Tiya
Zoona, kwa oyembekezera ambiri zimatha zokha. Ndipo makina a shock wave sachitira mayi woyembekezera. Sachitiranso munthu amene akumwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin, kapena pamalo pamene pali chilonda kapena chotupa. Ngati sanakufunseni zimenezi asanayatse makina, dzukani muzipita.

Ndionjezere china poti gululi ndi lalikulu. Si dzanzi lililonse limene lili carpal tunnel. Likayambira kumapazi, mbali zonse, ngati mwavala masokosi, nthawi zambiri ndi mitsempha yofooka chifukwa cha shuga, mowa, kapena mankhwala ena. Amene akumwa mankhwala a TB amapatsidwa kapiritsi ka vitamini B6 pa chifukwa chomwechi. Likamachokera m'khosi n'kutsika ndi mkono wonse, vuto lingakhale m'khosimo. Koma likabwera mwadzidzidzi, mkono n'kulefuka, pakamwa n'kupotoka, mawu osamveka, imeneyo ndi sitiroko. Musalembe pagulu pano, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo.

Mlongo_wa_Chilobwe
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhule chifukwa a ku Joni aja anena kuti chilichonse n'chabwino kusiyana ndi opaleshoni. Mayi anga ankaluka tsitsi ku Limbe zaka zambirimbiri. Dzanzi linawayamba ngati mmene akunenera a Telalamu. Adokotala anawauza za opaleshoni, iwo anakana, akuti dzanja ndiye munda wanga, wina asalikhudze ndi mpeni. Zaka zitatu tinazungulira: mafuta otentha opaka, zibangili za maginito, mapiritsi a ululu mpaka m'mimba munayamba kuwotcha, kwa alosi komwe tinafika. Tsiku lina anatiuza mosangalala kuti ululu wa usiku watha, achira. Tinaphika mpunga. Kumeneko kunali kufa kwa mtsempha. Patapita miyezi ingapo anapsa ndi chivundikiro cha poto chala cha mkombaphala osamva kanthu, anangoona thuza. Kamnofu kamene a Fizio akunenako kanali kataphweratu, pali dzenje loti mungaikemo ndalama yachitsulo.

Opaleshoni anadzachita, koma mochedwa. Kumva kunabwerera pang'ono, mphamvu ya chala chachikulu sinabwererenso. Lero sangathe kugwira meshi, kutsegula botolo timawatsegulira. Chimene chimandipweteka n'chakuti opaleshoni imene ankaiopayo sinathe ndi ola lomwe. Anali maso, akucheza ndi anamwino, madzulo tinakwera nawo minibasi kubwerera kunyumba.

Sindikuti a Telala akachitidwe opaleshoni mawa. Ndikuti makinawo asakhale pobisalira.

Mwana_wa_Bangwe_Joni
Pepani kwambiri achemwali. Sindinkadziwa kuti zimafika pamenepo. Komabe ine opaleshoni ndimaiopa, mnzanga wina chipsera chinamupweteka miyezi.

Fizio_waku_Soche
Mnzanuyo sananame. Chipsera ndi m'mbali mwa chikhatho zimatha kupweteka miyezi ingapo, ndipo mphamvu yofinya imabwerera pang'onopang'ono. Opaleshoni yake amabaya jakisoni wochititsa dzanzi padzanja pokha, amacheka pang'ono patsinde pa chikhatho, n'kudula kalamba kaja kuti kanjira katseguke. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Ntchito yopepuka munthu amayamba msanga, koma yolemetsa, monga kudula jinzi ndi sizasi, imafuna masabata angapo. Mwa njira zonse, imeneyi ndi imene imachotsa chopanikizacho, ndipo ambiri dzanzi la usiku limawathera m'masiku oyambirira.

Koma mayi a Telala, mmene mwafotokozeramu, mwina simunafike kumeneko, ngakhale za batani ndi singanozo zikundipatsa maganizo. Chikanakhala chisankho changa, ndikanayamba ndi chomangira dzanja usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6. Chimapezeka m'mafamase. Chenjerani: zambiri zimabwera ndi kachitsulo kopindikira m'mwamba. Kasololeni, mukawongole, dzanja ligone mowongoka ngati mukupereka moni, osati lopindikira kumbuyo. Musamange kwambiri mpaka zala kutupa. Zikakanika, pali jakisoni wa steroid, wochepetsa kutupa, amene amabaya m'kanjiramo. Amathandiza ambiri kwa masabata kapena miyezi, koma nthawi zambiri vuto limabwerera, ndipo kwa odwala shuga amakweza shuga kwa masiku angapo. Shock wave ndingaiike pamzere womwewo wa zopepuza kwa kanthawi. Dzanzi likakhala la usana ndi usiku osachoka, kapena kamnofu kakayamba kuphwa, musatayenso nthawi ndi zonsezi, kaonaneni ndi a opaleshoni.

Auntie_Salon_Limbe
A Fizio, kunena n'kosavuta. Mukuti apumitse dzanja, adya chiyani? Ifeyo tikapanda kuluka tsiku limodzi, kasitomala wapita kwa wina ndipo sabweranso. Disembala ikubwerayi ndiye nthawi yokolola. Mwina n'chifukwa chake anthu amathamangira makina, akufuna chinthu chachangu choti mawa akhale ali pantchito.

Fizio_waku_Soche
Asisi, sindinati asiye ntchito, ndipo chomangiracho n'cha usiku, masana dzanja lili pantchito. Chofunika n'kusintha kagwiridwe. Sizasi ikhale yakuthwa kuti asamalimbane nayo, zogwirira zake azikulunge ndi kansalu. Kudula kwa tsiku lonse asakuunjike nthawi imodzi. Pakatha theka la ola aimeko pang'ono, atambasule zala. Tebulo lisatalike moti dzanja lizikhala lopindika. Inunso oluka, kasitomala akhale pansi pang'ono kuti manja anu asakhale m'mwamba atapindika maola asanu.

Telala_wa_Ndirande
Za sizasizo mwandigwira. Yanga inabuntha kalekale, wonola amene ankadutsa kuno anasamuka. Podula nsalu ya makhaki ndimachita kuluma mano.

Che_Mbewe_Mbayani
Bweretsani ndikunolereni, mwala ndili nawo. Mphini mwakana, koma izi ndiye simukana.

Mphunzitsi_Wopuma
Langizo limodzi kwa amene angasankhebe makinawa, poti ine ndinapsa kale. Funsani ngati wokuchitiraniyo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Achinyamata athu akuphunzira fizio konkuno ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, odziwa ntchito alipo. Koma kwabweranso anthu ongogula kachipangizo konjenjemera kothofula minofu n'kumati ndi shock wave. Funsaninso kuti mukapanda kusintha pakatha maulendo awiri kapena atatu, chotsatira n'chiyani. Ndipo musalipire maulendo onse pakamodzi ngati mmene ndinachitira ine.

Mwana_wa_Bangwe_Joni
Apo ndikugwirizana nanu bambo. Anga aja anali enieni, phokoso lake ngati kompuresa ya pagalaja.

Telala_wa_Ndirande
Ndabweranso abale, papita masiku 9. Shuga anandiyeza, akuti wakwera pang'ono, sanandiyambitse mankhwala koma ndibwererenso akayezenso, ndipo tiyi wa masupuni atatu ndasiya. Kalata ya ku Gulupu andilembera, ndikupita Lachiwiri. Chomangira ndinagula, mwana wanga anawongola kachitsulo kaja ndi pulayala. Masiku awiri oyamba ndinkachivula m'tulo osadziwa, m'mawa n'kuchipeza kumiyendo. Tsopano ndazolowera. Usiku wathawu ndadzuka kamodzi kokha, kale kanali katatu. Singano ikundipulumukabe.

Aja a makina anandiimbira foni dzulo kuti anditsitsirako mtengo ndikalipira sabata ino. Ndawauza kuti ndimve kaye za Lachiwiri.

Mlongo_wa_Chilobwe
Za singanozo mukanene momveka bwino kumeneko, musakachite manyazi. Muwapemphe ayang'ane kamnofuko ndi maso awo, ayesenso mphamvu ya chala chachikulu.

Namwino_Tiya
Mulawire, ndipo chomangiracho mupite nacho akachione ngati chikukhala bwino.

Telala_wa_Ndirande
Ndamva. A Che Mbewe, sizasi ija ndituma mnyamata Loweruka, ndi ziwiri, ina ndi ya mnzanga wa pakhonde lomwelo. Nayenso wayamba kukutumula dzanja.

Kabaza_Chirimba
Lachiwirilo ndikunyamulani ine mayi, 5 koloko ndili pa Ndirande. Magolovesi ndagula pakaunjika, ndi a wosewera pagolo koma akugwira ntchito.